Ndime Yobwerera

Amene munaonererapo Mwandida Gomonda akutsogolera oimba mukudziwa chinthu chimodzi: mayi ameneyu satembenuka. Nyimbo ikatha, holo yonse itaimirira, m'manja muli waa, iye amangotsitsa kandodo kake, n'kudutsa pakati pa oimba ake, n'kutulukira khomo la kuseri. Anzake onse a ntchito imeneyi amatembenuka n'kuweramira anthu, poti ndiwo mwambo wawo. Olemba nyuzi ena amati ndi matama, ena amati ndi kudzichepetsa. Onsewo amangophonya. Sendezani mipando kuno, mumve mmene zinayambira.

Mwandida anabadwira kwa Gwaza, kunsi kwa mapiri a ku Ntcheu. Anabadwa ndi khutu. Ali kamwana, munthu akaphonya mawu m'kwaya ya kutchalitchi, iye ankatseka makutu n'kuyamba kulira, mpaka amayi ake ankatuluka naye panja ndi manyazi. Khutu lomwelo ndilo linamutengera kusekondale, kenako kutsidya kwa nyanja, kumene anakaphunzira kupeka nyimbo za magulu akuluakulu a mavayolini, zitoliro, malipenga ndi ng'oma zamkuwa, komanso kuimirira patsogolo pawo ndi kandodo. Tsiku loyamba kutsogolera gulu lotchuka, azibambo aimvi anamuyang'ana kuyambira kumapazi, mkazi wamfupi wochokera kudziko limene ena a iwo sankalidziwa n'komwe. Nyimbo ili pakati anaimitsa onse, n'kuloza bambo wina wa kumzere wa kumbuyo kuti nsambo yake imodzi yakhwefuka. Bamboyo anayesa nsamboyo, n'kuvula magalasi, n'kumugwedezera mutu. Kuyambira pamenepo dzina la Gomonda linayamba kuyenda.

Amayi ake anamwalira iye ali kumeneko. Uthenga unamupeza atavala kale zokwerera pansanja, ndipo pamene ankafika kwa Gwaza anapeza mtumbira utayamba kuuma. Amayiwo anapita osamuonako ngakhale kamodzi atagwira kandodo.

Tsono kwa Gwaza kuli nyimbo ya maliro ya ndime ziwiri. Yoyamba amaimba popita kumanda, podzutsa amene anagona kale:

Dzukani, dzukani, eni msitu,
landirani mlendo, wafika.

Yachiwiri amaimba pobwerera, dothi litakwiriridwa:

Gonani, gonani, ife tapita,
kumudzi n'kutali, musatilondole.

Wotsogolera nyimboyo ndiye amatsiriza kuchoka kumanda, ndipo sacheuka kufikira atasamba kumtsinje.

Mwandida atabwerera kunja anatenga ndime yoyamba yokha, n'kuisula kukhala nyimbo yaitali yotchedwa Landirani Mlendo. Imayamba ndi mawu a mwamuna mmodzi, kenako zoimbira zimalowa chimodzichimodzi, nyimbo n'kumakwera, kumakwera, mpaka kwaya yonse ndi malipenga onse afuula pamodzi kuti dzukani. Pamenepo imaduka, zii. Mathero amenewo ndiwo anamupatsa ulemu. M'mizinda yambiri ya kunja anthu analira osamva ngakhale liwu limodzi la Chichewa. Ndipo kumeneko sikunachitikepo chodabwitsa chilichonse.

Patapita zaka, kwawo anamuitana kuti nyimboyo idzamveke panthaka yake. Anafika ku Blantyre ndi oliza mavayolini angapo ochokera kunja. Malipenga anagwira akuluakulu ena opuma pa usilikali, ndipo kwaya inasonkhanitsidwa m'mipingo ya ku Ndirande, Zingwangwa, Chilomoni ndi Bangwe. Woisonkhanitsa anali Zalimba, mnzake wa kusekondale, bambo wa mimba yake ndi nthabwala zake, mphunzitsi wa kwaya wodziwika m'tauni monse. Iye ndiye anapatsidwa mawu oyambira aja, oitana eni msitu.

Ankakonzekera madzulo, anthu akaweruka, mu holo yaikulu ya mpingo wina. Masiku oyamba zonse zinayenda. Oimba ankafika ndi fumbi la minibasi, koma akatsegula pakamwa, alendo a mavayolini ankayang'anana. Mwandida mtima unkamufufuma. Mawu otere anali atawasowa zaka zonse zija.

Tsiku lina anaimitsa nyimbo pakati.

"A besi, pali wina akutsetsereka pa mawu akuti wafika. Ndinalemba kuti muime pamenepo, osati kugwera pansi ngati thumba la chimanga."

"Dokotala," anatero Zalimba, amene ankamutchula choncho Mwandida chifukwa cha maphunziro ake, "a besi awa ndawaumba ndekha ndi manja awa. Wotsetsereka ndi uti? Mulozeni, ndimubwezere ku alito."

Anthu anaseka. Mwandida anawaimbitsa mmodzimmodzi, ndipo aliyense anaima pamene panalembedwa. Atawaphatikiza, kutsetsereka kuja kunamvekanso, pansi penipeni, kokhuthala ngati kwa munthu wa chifuwa chachikulu. Apo m'pamene anazindikira zinthu ziwiri. Choyamba, umu ndi mmene ankaimbira madoda a kwa Gwaza iye ali mwana. Chachiwiri, mawuwo sankachokera kutsogolo kwake. Ankachokera kumbuyo, ku mipando yopanda anthu.

"Ndi holo iyi," anatero. "Imabweza mawu. Tiyeni tipitirize."

Mipando ya mu holo imeneyo ndi yopinda, ija imadzitseka yokha munthu akanyamuka. Mawa lake anapeza ya mzere wotsiriza ili yotsegula, ngati pakhala anthu. Zalimba anayesa kuipinda, koma inali yolemera. Pansi pake panali timibulu ta dothi lonyowa, chonsecho unali mwezi wa Okutobala, mvula isanagwe ndi dontho lomwe. Mkucha wake inali mizere iwiri. Fungo la nthaka yokumba kumene linayamba kumveka mu holo, ndipo mtsikana wina wa sopulano anayamba kubwera ndi juzi, akuti kumsana kwa Mayi kumachokera mphepo.

Kenako kandodo kanayamba kusowa. Mwandida ankakasiya pa choikapo mapepala, koma popuma pang'ono ankakapeza pakhomo lalikulu, katagonekedwa bwinobwino pansi, nsonga italoza kunja.

"Kakufuna kubwerera ku Ulaya," anatero Zalimba. "Katopa ndi a tenala."

Koma anaseka yekha, ndipo kuseka kwakeko kunathera m'chifuwa. Mwandida anaona kuti mnzakeyo wayamba kukhala pansi pophunzitsa, munthu amene kale ankadumpha ngati mbuzi. Malaya anayamba kumukulira. Mkazi wake anamunong'oneza Mwandida kuti bambo akumagona mapazi ali zii ngati mwala wa mumtsinje, ndipo kuchipatala awayeza zonse osapeza kanthu.

Madzulo ena, chisisira chitagwa, Mwandida akutuluka pageti la holo pa galimoto, anaona anthu ataima m'mbali mwa msewu. Poyamba anayesa odikira minibasi. Koma odikira minibasi amakhala ndi majumbo, amayang'ana mafoni, amakangana. Awa anali chimanjamanja, ali ndii, onse atayang'ana kuholo. Nkhope zawo sizinkagwirika ndi maso: ukati uyang'ane uyu, maso ankangotsetserekera kwa winayo. Mkulu wina wa jekete la kalekale, wopanda nsapato, anasendera pawindo. Anawomba m'manja mwaulemu, mwakachetechete, monga amachitira munthu wofika pakhomo pa eni ake.

"Zikomo, mayi. Mwatiitana, ife tabwera. Nanga mlendoyo ndi uti?"



"Kapena ndi bambo amatiitana aja?" anafunsa mkuluyo modekha. "Ayi, palibe changu. Tidikira."

Galimoto ya kumbuyo inaliza hutala. Atayang'ananso, pamsewu panali mayi wogulitsa chimanga chootcha yekha, akukupiza makala ake.

Kutatsala masiku ochepa kuti aimbe pamaso pa anthu, achemwali ake a Mwandida, a Esinati, anatsika basi kuchokera ku Ntcheu, atasenza thumba la mbatata ya kachewere. Iwowa ndi amene anatsala pamudzi, kulima ndi kusamala amayi mpaka tsiku lomaliza. Mwandida anawatengera kokonzekera, n'kuwakhazika pambali pa nsanja. Nyimbo itayamba, a Esinati anagwira pakamwa. Mavayolini atalowa, misozi inatsika osaipukuta. Itafika pamwamba paja n'kuduka, anakhala chete akudikira. Oimba anayamba kulongedza, iwo akadadikirabe.

Ali awiri m'galimoto a Esinati anati, "Mwandi, ine sindinadziwe kuti nyimbo ya kwathu ingavale suti chonchi. Ndanyada, mwana wa amayi. Anthu onse aja, ndi azungu omwe, kumvera kamtengo kako. Koma mwaimira panjira bwanji? Ndime inayo muimba mawa?"

"Imathera pomwepo, achemwali."

"Imathera pa dzukani?"

"Ndi mmene ndinaipekera. Si maliro awa, ndi luso. Ndaiimbitsa m'mizinda yambirimbiri, palibe chinachitika."

"Akufa a kumeneko amamva Chichewa?"

Mwandida anafuna kuseka, koma kunakanika.

Tisafulumire kumuweruza. Mbali yake inali ndi mutu. Nyimbo ikachoka pamudzi n'kulowa m'manja mwa mmisiri imakhala chinthu china, monga mtengo ukasanduka mpando sufunsidwanso za mizu. Mathero aja anali ake, anawavutikira, ndipo akatswiri anali atakwera ndege kudzamva mathero omwewo. Kuwasintha kunali ngati kugwetsa denga la nyumba alendo ali pakhomo. Koma a Esinati nawo sankanena zopusa. Mmisiri angasinthe nyimbo, koma amene nyimboyo imawaitana sanauzidwe kuti yasintha.

"A Zalimba aja ndawaona," anatero a Esinati. "Mzere wakumbuyo ndauonanso, ngakhale sindinayang'anitsitse. Anthu aja adzutsidwa tsiku ndi tsiku kuti alandire mlendo. Ndi anthu aulemu, sabwerera chimanjamanja. Ukapanda kuwagoneka, atenga amene wayandikira."

Mwandida anaimika galimoto pambali pa msewu. Anagwira chiwongolero ndi manja onse awiri.

"Ndinayesa kuilemba ndime imeneyo, achemwali. Kangapo konse. Ndikafika pa ife tapita, dzanja limakana. Ine sindinawaperekeze amayi. Ndiye ndiyambe ndi kuwatsanzika? Ndikaima pa dzukani ndimamva ngati akadali panjira, akubwera."

A Esinati anasalaza chitenje pamaondo.

"Pa maliro awo ndinatsogolera nyimbo ndine," anatero. "Ndinatsala ndekha kumsitu, anthu onse atapita, n'kutembenuza msana. Ukuganiza kuti khosi silinandiyabwe? Ndinayenda mpaka kumtsinje ngati ndasenza mtondo. Si kuwataya kumene kuja, Mwandi. Ndi kuwalola agone. Iwe wakhala ukuwadzutsa zaka zonsezi, mayi okalamba, a miyendo yawo ija."

Mwandida atafika kunyumba anatsekera m'chipinda, ndipo a Esinati ankangomva piyano ikuyamba, kuima, kuyambanso. Nthawi zina ankaitanidwa: "Achemwali, tandiimbireninso pa musatilondole." Ankaimba ali pakhomo, mpeni ndi kachewere zili m'manja, n'kubwerera kukhitchini.

Mapepala atsopano atagawidwa, wamkulu wa mavayolini, mzungu amene anayenda ndi Mwandida zaka zambiri, anadandaula kuti mathero otchuka aja awonongeka. Mwandida anamumvetsera mpaka anamaliza, chifukwa nayenso ankadziwa kuti chinachake chitayikadi. Kenako anamupempha kuti angoliza kaye. Bamboyo analiza mizere yoyamba, n'kuima, n'kuyang'ana pepalalo nthawi yaitali. Sanadandaulenso.

"Tikafika pa ndime imeneyi," Mwandida anauza gulu lonse, "aliyense akamaliza mbali yake azinyamuka n'kutulukira khomo la kuseri. Panja mukapeza madzi, mukasambe m'manja ndi kumaso. Ine nditsiriza, chifukwa woitana ndiye woperekeza. Ndipo chilichonse chimene mungamve mu holo, maso anu akhale pa kandodo."

"Mwezi wathunthu mwakhala mukutikalipira zomwezo, Dokotala," anatero Zalimba ali pampando, mawu ali ngati a munthu wolankhulira m'chitsime. "Mwina tsopano a tenala amva."

Tsiku lija holo inadzaza mpaka m'makonde. Kunabwera akuluakulu a masuti, ana a sukulu, amayi a mvano, ndi anthu a kwa Gwaza pa lole yawo. Kunja kunali kotentha, koma olowa ankadzikunga zitenje ndi majekete. Othandiza kukhazika anthu anadabwa kuti mizere yakumbuyo aliyense ankailambalala, ngakhale inkaoneka yopanda anthu. Munthu ankafika pamenepo, n'kunena kuti pepani, n'kupita kukaima kukhoma.

Zalimba anachita kumugwirizira pokwera pansanja. Koma Mwandida atakweza kandodo, bamboyo anaimirira yekha, n'kuitana eni msitu ndi mawu amene palibe anawamvapo kukhosi kwake. Mavayolini analowa ngati mphepo ya m'mapiri, zitoliro pambuyo pake, kenako a besi. Kutsetsereka kuja kunabwera kuchokera kumbuyo, ndipo tsopano sanali munthu mmodzi. Mwandida sanalimbane nako. Anakupatsa malo, n'kuchedwetsa dzanja pang'ono kuti a kutsogolo ndi a kumbuyo afikire pamodzi. Amene analipo amati nyimbo yotere sinamvekepo mumzinda umenewu. Inakwera, inakwera, mpaka malipenga ndi makosi onse anafuula dzukani, mawindo n'kunjenjemera.

Zii.

Apa ndi pamene anthu a kunja ankaimirira n'kuwomba m'manja. Koma dzanja la Mwandida linakhalabe m'mwamba, ndipo palibe anayerekeza kukhosomola. Kumsana kwake ankamva anthu ataimirira pafupi, pafupi kwambiri, akudikira. Zalimba anali atatsamira mnzake, maso atatseka.

Kandodo kanatsika pang'onopang'ono. Pakati pa kwaya, a Esinati, atavala chitenje chawo cha kumudzi pakati pa mayunifolomu, anayamba ndi mawu awo okhakhala:

Gonani, gonani, ife tapita.

Vayolini mmodzi anawayankha, motsitsa ngati mayi wogoneka mwana. Kwaya inalowa monong'ona. Oliza malipenga anamaliza mbali yawo, n'kunyamuka, n'kutuluka. A zitoliro anatsatira. Ndipo kumbuyo kwa Mwandida kunamveka mpando ukudzitseka, phaa. Kenako wina. Kenako mapazi opanda nsapato, ambiri, osathamanga, akulowera kukhomo lalikulu. A tenala anatuluka, a besi anatuluka atamugwira Zalimba m'mikono. Mphepo ya kumsana ija inayamba kuchepa.

Patatsala a Esinati ndi vayolini mmodzi yekha, m'pamene Mwandida anaimva nthungululu.

Amayi ake anali ndi mpata pakati pa mano a kutsogolo, kotero nthungululu yawo inkatuluka ndi kamluzu kumapeto. Pamudzi ponse panalibe wina wolulutira choncho. Inamveka kamodzi, osati kumbuyo kwa holo, koma pamzere woyamba penipeni, pamalo oti akanatambasula dzanja akanakhudza.

"Mwandi," anatero mawu aja, monga ankamuitanira akabwera kusukulu.

Khosi linayamba lokha kupotoka. Kunali kungotembenuka pang'ono, monga amachitira wotsogolera nyimbo aliyense padziko lapansi, ndipo akanawaona atakhala pamenepo, akumuona iye atagwira kandodo. Zaka zonse zija ankafuna chimenechi basi. Koma ankadziwanso kuti akacheuka, amene anali pakhomo abwerera kudzakhala pansi, ndipo kuseri kunali Zalimba, munthu wa mkazi ndi ana.

Anayang'ana nsonga ya kandodo kake. Dzanja silinaphonye. Anawapatsa a Esinati mzere wotsiriza, kumudzi n'kutali, musatilondole, ndipo iye mwini anaimba nawo, koyamba m'moyo wake kutulutsa mawu ali pansanja. A Esinati anatuluka. Vayolini anakoka liwu lomaliza mpaka linatha ngati utsi, nayenso n'kutuluka.

Mpando umodzi wa kutsogolo unadzitseka, mofatsa.

Mwandida anatsitsa kandodo. Anadutsa pakati pa mipando ya oimba yopanda anthu, msana uli chilili, n'kutulukira khomo la kuseri. Ali pakhomo, holo inaphulika. M'manja, mapazi, mluzu, anthu kuitana dzina lake. Iye anangoyenda mpaka pampopi, pamene a Esinati anali atagwira beseni. Anasamba m'manja, kumaso ndi kumapazi.

Zalimba anali atakhala pa sitepe, thukuta lili kamukamu, akupukusa zala za kumapazi ngati wazipeza kumene.

"Dokotala," anatero, "anthu akukufunani m'katimo. Koma musanapite, kachewere anabwera ndi achemwali uja watha? Njala yake ndi ya mwezi wathunthu."

Mwandida anaseka, misozi ikusakanikira ndi madzi. M'katimo sanabwerere. Anasendera kwa achemwali ake n'kufunsa motsitsa.

"Munawaona?"

"Ndinayang'ana kandodo, monga unatiuzira," anatero a Esinati, akukhuthula madzi a m'beseni pa maluwa. "Koma nthungululu ija ndaimva. Ndakhala nawo amayi zaka zonse, nthungululu zawo ndimazidziwa zonse ziwiri. Ija sinali ya pamaliro, Mwandi. Ndi ija ankaimba chimanga chikalowa m'nkhokwe."

Kuyambira tsiku limenelo Landirani Mlendo imaimbidwa ndi ndime zonse ziwiri, kuno ndi kunja komwe. Akatswiri akadagawanikabe: ena amati mathero akale anali amphamvu, ena amati atsopanowa ndi ozama, ndipo mwina onse akunena zoona. Zalimba mimba inabwerera, akadazunzabe a tenala. Mwandida akadayendabe m'mizinda ya dziko lapansi, ndipo kaya nyimbo ndi yake kaya ndi ya wina, ikatha satembenuka. Akamufunsa chifukwa, amangomwetulira n'kunena kuti kumuwombera m'manja kumene ankakufuna anakumva kale.

Yathera pamenepa. Amene kwanu n'kutali nyamukani, ndipo mukamva wina akukuitanani kumbuyo, kaya mawuwo ndi okoma bwanji, kafikeni kaye pamadzi.